Kuphika mu slow cooker si ulesi, alamu

Ndakwiya, ndipo ndilemba pompano mtima usanazizire.

Lamlungu lapitali tinali ndi alendo kunyumba kuno ku Leeds, ku England. Alamu anga, achemwali awo aakulu a bambo a kunyumba, abwera kuchokera kumudzi kudzaona mwana wawo, ndiye tinawaitana kuti adzadye nafe chamadzulo. Ndinaphika mang'ina osakaniza ndi nyemba, repu pambali, nsima ya ufa woyera. Anadya. Anatha mitanda iwiri, anawonjezera msuzi, anayamwa mafupa mpaka mafuta kuyenderera m'zala. Ndi pakamwa pawo anati, "Alamu, mang'ina otere ndinadya kalekale, apa mwaphika." Mtima wanga unali mbee.

Atalowa kukhitchini kukasamba m'manja anaona mphika uli pakona, chingwe chake chili kukhoma. Anafunsa kuti n'chiyani, ndinawafotokozera kuti ndi slow cooker, mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Nkhope inasintha pomwepo. "Aa, kani aphika ndi makina? Mumangoponyamo n'kukagona? Umenewu ndi ulesi, alamu. Mkazi amakhala pamoto." Ananena zimenezi pamaso pa ana anga, pamaso pa mchimwene wawo, m'nyumba mwanga, atakhuta chakudya changa.

Sindinawayankhe. Mlamu wamkulu sumubwezera mawu pagulu, ndinaleredwa choncho. Koma pano ndilankhula, chifukwa mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, kutchalitchi, m'magulu a pa WhatsApp, kumaphwando a Amalawi, ndipo ndatopa nawo. Kuphika mu slow cooker si ulesi. Si ulesi ngakhale pang'ono.

Tsiku lomwe ankanditchula waulesilo n'kuti nditachokera ku shifiti ya usiku. Maola 12 chiimirire, kuyambira 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa, kusambitsa okalamba, kuwatembenuza pabedi, kuthamangira belu lililonse likalira. Ndinafika pakhomo miyendo itatupa, maso akuwawa. Waulesi akanalunjika kuchipinda. Ine ndinalunjika kukhitchini.

Akuti ndimangoponyamo. Ndani amangoponyamo? Nyemba zija ndinazisankha ndekha Loweruka masana, kuchotsa zofumbwa ndi timiyala, n'kuziviika ndisanapite kuntchito. Lamlungu m'mawa ndinataya madzi aja, kuzitsuka, kuzitereka pa chitofu kuti zibwate mwamphamvu kwa mphindi 10. Aliyense wophika nyemba zofiira mu slow cooker ayenera kudziwa zimenezi: nyemba zosawiritsa zili ndi poizoni wachilengedwe wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo moto wa slow cooker ndi wofatsa, suupha. Uyenera kuyamba waziwiritsa kaye. Mang'ina ndinakagula ndekha kubutchala, ndinawatulutsa mufiriza dzulo lake kuti asungunukire mufiriji, chifukwa nyama youma gwa siilowa mumphika umenewu. Ndinawapala, kuwatsuka, kukazinga anyezi ndi adyo padera. Madzi ndinayeza ochepa, poti mphikawu sutulutsa nthunzi yambiri, ukathira ngati pambaula msuzi umasanduka chithaphwi. Ndinaika pa Low, moto wochepa, ndinavundikira, ndinakagona. Nditadzuka ndinakazinga tomato n'kumuthira chakumapeto, chifukwa ukamuika poyamba nyemba zimachedwa kufewa. Ndinalawa mchere. Repu ndinadula ndekha. Nsima ndinavundula ndekha ndi mthiko, ndinaomola ndekha ndi chipande, palibe makina amene anandigwirira mkono.

Ndiye ulesi uli pati pamenepa? Uli pa maola 8 aja amene mphika umabwata pang'onopang'ono ine ndili mtulo? Ankafuna ndikoke mpando, ndikhale pafupi ndi mphika ndikuwodzera, kuti mang'inawo akome? Nyama siifewa chifukwa choyang'aniridwa. Imafewa ndi moto wofatsa ndi nthawi, basi. Mtsempha wa phazi la ng'ombe umasungunuka ukakhalitsa pamoto, msuzi n'kukhala wonanda uja umamata milomo. Kaya motowo ndi wa chitsa, wa makala kapena wa magetsi, mtsemphawo sudziwa kusiyana kwake. Ndipo lilime la alamu silinadziwenso. Linayamikira. Amene anakana ndi maso ataona chingwe.

Chikundipweteka kwambiri n'choti amayiwa akudziwa bwinobwino mmene agogo athu ankaphikira nyemba. Agogo anga ankatereka mphika wadothi pamafuwa mbandakucha, kukankhiramo chitsa chachikulu choti chizinyeka pang'onopang'ono, kuvundikira, khasu paphewa, ulendo wa kumunda. Sankakhala pamoto. Akanakhala pamoto, akanalima ndani? Ankauza kamwana kotsala pakhomo kuti kazisonkhezera ndi kuonjezera madzi, iwo n'kubwera dzuwa lili paliwombo nyemba zitapsa. Palibe anawatcha aulesi. Ankati ndi mayi wodziwa kusamala banja. Ine ndachita zomwezo. Chitsa changa ndi magetsi, munda wanga ndi shifiti, kamwana kosonkhezera kali kusukulu. Chasintha n'chiyani kuti agogo akhale akhama, ine ndikhale waulesi?

Ndipo tinene zoona. Ambiri amene amakuwa kuti mkazi amakhala pamoto, kwawo pamotopo pamakhala mtsikana wantchito. Ndi iye amakoleza mbaula, ndi iye amapemerera makala, ndi iye amatsokomola ndi utsi, ndi iye amakwecha mapoto. Adona amangobwera kudzalawa mchere n'kulandira ulemu patebulo. Kuno kulibe wantchito. Kuno kulibe mdzukulu wa kumudzi womutuma. Wantchito ndine, wochapa ndine, wotenga ana kusukulu ndine, wolipira nawo lendi ndinenso. Ndapeza chida chondithandiza kuti ana anga adye chakudya cha kwathu chotentha m'kati mwa sabata, wina n'kubwera kudzandinyoza nacho.

Mphika umenewu sunapangidwirenso alesi ayi. Anaupanga ndi Irving Naxon wa ku Chicago, ndipo dzina lake loyamba linali Naxon Beanery, mphika wophikira nyemba. Nyemba! Maganizowo anawatenga pa nkhani za mayi ake za ku Lithuania, kumene Ayuda ankatereka mphika wa cholent, chakudya chawo cha nyemba ndi nyama, Lachisanu dzuwa lisanalowe kuti uzipsa wokha usiku wonse, popeza pa Sabata sakoleza moto. Kampani ya Rival inaugula mu 1970, chaka chotsatira, mu 1971, n'kuutulutsa ndi dzina loti Crock-Pot, nthawi imene azimayi ambiri a ku America ankayamba kupita kuntchito. Anaugula ndi azimayi otuluka m'mawa n'kubwera madzulo, ofuna kupeza chakudya cha banja chitapsa. Azimayi otopa ngati ine. Waulesi sagula mphika. Waulesi amagwira foni n'kuitanitsa pizza.

Nenani kuti simuukonda, ndimva. Nenani kuti mumasowa kafungo ka utsi mu nyemba, ndivomera, inenso ndimakasowa. Koma musanene kuti ulesi. Mawu amenewa ndi olemera kwa mkazi wa Chimalawi, tonse tikudziwa. Kumutcha mkazi waulesi pamaso pa mwamuna wake ndi kumuvula. Tinaleredwa kuti mkazi wabwino ndi wovutika, gwero lake ndi lomweli basi. Chakudya chikabwera popanda misozi ya utsi, ndiye kuti akuti mulibe chikondi. Bodza! Chikondi chinalimo pamene ndimasankha nyemba ndisanapite kuntchito. Chinalimo pamene ndimapala mang'ina maso akutsekeka okha. Chimakhalamo Lachitatu lililonse m'nyengo yozizira ino, pamene kunja kumada 4 koloko, ana n'kutsegula chitseko, fungo la nyama ya mbuzi n'kuwalandira nyumba yonse, wamng'ono n'kukuwa kuti amayi kukununkhira kwa agogo. Mwana wobadwira kuno akudziwa nyemba, akudziwa mang'ina, akudziwa nkhuku yolimba ija imafanana ndi ya lokolo, akudziwa kusunsa mbamu mu msuzi. Akudziwa chifukwa cha mphika womwewu. Ukanapanda umenewu, akanamadya tchipisi ndi soseji sabata yonse, ndipo anthu omwewa akanatinenanso kuti tataya chikhalidwe.

Ndiye tichite chiyani? Tikaphika mu slow cooker ndife aulesi. Tikagula zophikaphika tatayika. Tikasiya ntchito kuti tikhale pamoto, ndalama za fizi ndi za feteleza zimene timatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi zichokera kuti? Pa Mukuru palibe amafunsa kuti ndalamayi yachokera kwa mkazi wophikira mbaula kapena magetsi. Imalandiridwa ndi manja awiri.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wofuna nyemba zoyang'aniridwa maola 8 abwere, ndimupatsa poto, ndimupatsa mpando, akhale. Ine Lolemba ndili ndi shifiti.

Ndipo atsikana amene mwangofika kumene kuno, musamve zimenezi. Ndikudziwa ena amabisa slow cooker mukabati alendo akamabwera, n'kukhuthulira ndiwo mupoto wamba kuti zioneke ngati zaphikidwa pa chitofu. Kubisa mphika m'nyumba mwako ngati waba! Mpaka liti? Wanga ukhala pomwe uli, poonekera, chingwe chili kukhoma. Aliyense wolowa m'khitchini mwanga auone. Si ulesi, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Komanso pali china chimene sindingachisiye. Pamene alamu ankanena zonsezi, mchimwene wawo anali pampando, rimoti m'manja, akuonera mpira. Sanatsegule pakamwa. Sanati achemwali, mayiyu wachokera ku usiku. Anangoseka pang'ono n'kukweza voliyumu. Iye Loweruka anali pa ofu, Lamlungu anali pa ofu. Sanasende ngakhale anyezi mmodzi. Amuna atatu anadya patebulo paja, palibe ananyamula mbale yake kupita nayo kusinki, ndipo mawu oti ulesi sanawakhudze ngakhale mmodzi. Alamu anawathirira okha madzi osamba m'manja. Alendo anatsanzika 9 koloko, ndipo mbale zonse, mapoto onse, ndi mphika womwe ankaunyozawo, ndinatsuka ndekha mpaka 10 koloko itadutsa.