Muvi wachinayi pa wotchi yanga si matama

Ndinafuna kungozisiya, koma zandikanika. Loweruka lapitali tinali pa mkumano wa komiti ya ukwati wa mphwathu, pakhonde kwa amalume. Nditangopinda malaya chifukwa cha kutentha, alamu anga ena, amene sindiwatchula dzina poti akudzidziwa okha, anandigwira dzanja n'kuyamba kuwerenga mivi ya pa wotchi yanga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Wani, thuu, firii, folo. Atatero anakweza mawu: "Alamu, mwayamba liti kuyendetsa ndege?" Khonde lonse linafa nacho chikhakhali. Wina anati ndi matama, wina anati ndalama zikachuluka zimasowa kolowera. Inenso ndinaseka nawo, chifukwa pamaso pa amalume munthu suyankha mwachipongwe. Koma mumtima ndinapsa, ndipo mpaka lero ndikadali wopsa.

Chimene chikundipweteka si nthabwalayo. Alamu omwewa, Lachinayi la sabata yomweyo, anaimbira foni achemwali anga amene ali ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, nthawi ili 9 koloko m'mawa. Kuno 9 koloko dzuwa lakwera, anthu amwa kale tiyi, ana ali m'kalasi. Kumeneko inali 3 koloko usiku. Achemwali amasamalira okalamba, amalowa ntchito 7 koloko m'mawa n'kukhala chiimire tsiku lonse. Foni inalira pakati pa tulo, atayang'ana n'kuona +265. Aliyense amene ali ndi m'bale kunja akudziwa chimene nambala ya kumudzi imatanthauza ikalira usiku. Amayi athu amadwaladwala BP. Achemwali anandiuza kuti manja ananjenjemera mpaka foni inagwera pansi pa bedi, poitola n'kuti misozi yayamba kale. Uthenga wake? Akuti nsalu ya yunifolomu ya ukwati yakwera mtengo, ndiye awonjezereko pang'ono.

Nsalu. 3 koloko usiku. Ndiye munthu yemweyo akundiseka ine chifukwa chovala chinthu chimene chikanamuuza kuti achemwali ali m'tulo.

Muvi wachinayi uja si wokongoletsa, anthu inu. Ndi wofiira, uli ndi kansonga ngati mkondo, ndipo umayenda pang'onopang'ono kuposa anzake. Muvi wa maola umazungulira kawiri pa tsiku, koma uwu umazungulira kamodzi kokha pa maola 24. M'mphepete mwa wotchi muli mkombero wa manambala mpaka 24, theka lakuda theka lowala. Ukaloza kwakuda, ku South Bend ndi usiku, foni ibwerere m'thumba. Ukaloza kowala, kwacha, imbani. Basi. Palibe samu, palibe kuwerenga zala, palibe zoti "kodi paja timachotsa kapena timaphatikiza?" Ndikatembenuza dzanja ndimaona nthawi yanga ndi nthawi ya mlongo wanga pamodzi. Ngati amenewa ndi matama, ndiye kuti kugogoda pakhomo pa munthu usanalowe ndi matamanso.

Chifukwa nkhani yake ndi imeneyo. Ndi odi. Kwathu kuno sulowa m'nyumba ya mwini osaodira, sudzutsa munthu wamkulu popanda chifukwa, sufika pakhomo pa eni mbandakucha pokhapokha ngati kwagwa zovuta. Ulemu umenewu tonse tinakula nawo. Koma tikangogwira foni umathawa. Timaganiza kuti poti kuno kwacha ndiye kuti dziko lonse lacha, ngati dzuwa ndi la mfumu ya m'mudzi mwathu. Wotchi yangayi imandibwezera odi uja. Ndiwo ntchito yake, ndipo sindikuona choseketsa.

Ndikudziwa chimene muyankhe, chifukwa alamu ananenanso chomwecho: "Foni ilipo, imaonetsa nthawi ya dziko lililonse." Zoona, imaonetsa. Nanga bwanji simunayang'ane? Foni yanu yamakono ija, ya makamera atatu, inali m'manja mwanu momwemo pamene mumaimba. Nthawi ya New York ili mmenemo, ya London ili mmenemo, koma ili kuseri kwa timabatani tingapo, ndipo munthu amene mtima uli pa nsalu sakumbuka zokatsegula. Safunsa anadya phula. Chinthu chimene chili pa dzanja sichidikira kuti uchikumbukire, chimakuyang'ana chokha. Ndikamatambasula dzanja kuti nditenge foni, muvi wofiira uja ndauona kale. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo amene sakukuona ndiye kuti sanadzutsidwepo 3 koloko usiku.

Komanso musamaitame kwambiri foniyo ngati siinama. Ine ndimapita ku Dar es Salaam kukatenga katundu kumsika wa Kariakoo. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ukamayandikira pa Songwe, usanadinditse n'komwe pasipoti, foni imatha kugwira netiweki ya tsidya lija n'kudzisinthira yokha nthawi osakuuza. Ukuyenda pang'ono yabwerera. Ukakhala pamzere wayang'ana foni ikuti 4 koloko, mnzako pambali pako yake ikuti 5 koloko, nonse mwaima pa dothi limodzi. Ulendo wina ndinagona kufupi ndi boda n'kutchera alamu kuti ndidzuke 5 koloko. Inalira, ndinasamba madzi ozizira, ndinamanga zikwama, kutuluka panja mdima uli bii, mlonda akundiyang'ana ngati wakuba. Inali 4 koloko ya kwathu. Foni inali itawoloka boda usiku ine ndili m'tulo. Wotchi siwoloka boda yokha. Pamene waiika ndi pomwepo. Ndikamapita ku Dar ndimatembenuza mkombero uja kuti muvi wofiira uwerenge nthawi ya Tanzania, mivi inayo ikhale pa nthawi ya kwathu, ndipo basi ya ku Kasumulu, tsidya lija la boda, sinandisiyepo chiyambire.

Nanga za magetsi ndinene? Foni ikathima chifukwa magetsi anapita m'mawa osabwerera, nthawi ya London ija imathima nayo limodzi. Kabatire ka wotchi yanga n'kakang'ono ngati njere ya nyemba, koma ndimatha zaka ndisanakasinthe.

Bambo ena achikulire pakhonde paja, anzawo a amalume, anaponyapo mwambi, akuti mapanga awiri avumbwitsa, munthu wa nthawi ziwiri adzasokonezeka. Ndinawalemekeza, sindinayankhe. Koma ndiyankhe pano. Mapanga awiriwo sindinawasankhe ine. Anthu anapita kunja chifukwa kuno ntchito kulibe, nkhani yake ndi yomweyo. Banja lathu lili pawiri, ndipo si lathu lokha. Yang'anani pa gulu la WhatsApp la banja lanu, muwerenge manambala oyamba ndi +44, +353, +1, +27. Ndalama ya feteleza imachokera kumeneko. Fizi ya ana imachokera kumeneko. Bokosi la maliro likavuta timaimba komweko. Ndalama zawo timazidziwa tsiku lofika ndi ola lake, mpaka timakadikira pa ejenti asanatsegule. Koma nthawi imene eni ndalamawo amagona sitiidziwa, ndipo sitifuna n'kuidziwa komwe. Zimenezi ndiye zochititsa manyazi, osati muvi wanga.

Mwina chimatipusitsa ndi Joni. Johannesburg, Lusaka, Harare, Tete, Beira, konseku nthawi ndi imodzi ndi ya Lilongwe. Tinazolowera kuti m'bale ali ku Cape Town, ulendo wa masiku pa basi, koma tikamadya nsima ya masana iyenso akudya. Ndiye mutu unangogwira kuti kutali kulikonse n'chimodzimodzi. Ayi. Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. Dubai maola awiri. Guangzhou ku China, kumene amalonda athu amakatenga katundu, maola 6, moti ukamati uimbire wogulitsa 2 koloko masana, kumeneko ndi 8 koloko usiku. India ndiye inachita kuwonjeza theka, ili patsogolo ndi maola atatu ndi mphindi 30, ndipo amene anaperekezapo wodwala kumeneko akudziwa mmene theka limenelo limasokonezera achibale otsala kuno.

Ndiye pali chinthu china chimene alamu anga sakuchidziwa, ngakhale chimawapweteka chaka ndi chaka. Ife kuno nthawi yathu sisuntha, Januwale mpaka Disembala. Anzathu aku Ulaya ndi ku America amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka. Ku Britain ndi ku Ireland amakankhira patsogolo ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kubweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Choncho miyezi ina London ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi ina maola awiri. Ku America amasintha Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala, ndiye achemwali anga nthawi zina ali kumbuyo ndi maola 6, nthawi zina 7. Alamu omwewa ndi sapota wa Arsenal wakufa naye. Mpira wa Loweruka wa 3 koloko ku England kuno umayamba 4 koloko mu Seputembala, koma ikangodutsa Okutobala umayamba 5 koloko. Chaka chilichonse amafika pa malo oonetsera mpira 4 koloko, n'kukhala ola lathunthu akuyang'ana zotsatsa malonda, akudandaula kuti azungu achedwetsa gemu. Sanachedwetse, alamu. Anabweza wotchi. Ndipo munthu amene mumamufunsa kuti "kodi iyamba nthawi yanji" ndi ine ndemwe, woyendetsa ndege uja.

Ndivomere, wotchi yanga sidziwa zimenezi payokha. Tsiku losintha likafika ndimakoka kachitsulo ka m'mbali kaja n'kusuntha muvi wofiira ndi dzanja langa. Wina anena kuti pamenepo foni yapambana, poti imadzisinthira. Kaya. Ine ndimaona kuti kusuntha ndekhako n'kumene kumandichititsa kudziwa. Kawiri pa chaka ndimakhala pansi n'kukumbukira kuti kwa achemwali kwayamba kuzizira, dzuwa likulowa msanga, kapena kuti chisanu chatha. Amene foni imamuchitira zonse sadziwa n'komwe kuti china chasintha.

Za ndege zija, pamenepo pokha alamu analasa osadziwa. Mawotchi amtunduwu anatchukadi ndi oyendetsa ndege. M'zaka za m'ma 1950, ndege zitayamba kudumpha nyanja ya Atlantic pafupipafupi, Rolex inapanga GMT-Master mogwirizana ndi kampani ya ndege ya Pan Am, ya mkombero wofiira ndi wabuluu, kuti woyendetsa aziona nthawi ya kumene ali ndi nthawi ya Greenwich nthawi imodzi. Dzina loti GMT likuchokera ku Greenwich komweko, ku London, kumene msonkhano wa mayiko wa mu 1884 unasankha kuti mzere woyambira kuyeza dziko uzidutsa. Chabwino. Koma kuti chinthu chinayamba ndi oyendetsa ndege sindiye kuti chinathera pa iwo. Jinzi mwavalayo inayamba ndi anthu a m'migodi ku America, inu munakumbapo chiyani? Ndipo yanga si Rolex, musandipatse ulemu umene ndilibe. Ndi wotchi wamba ya batire, ananditumizira achemwali omwewo, mtengo wake sufika pa foni ya alamu ngakhale theka. Amene safuna ya mivi, kuli ma Casio a manambala oonetsa nthawi ya mizinda yambiri, ungodina batani. Nkhani si mtengo. Nkhani ndi yoti kodi munthu amene uli naye kutali umamuwerengera ngati munthu amene amatopa n'kugona, kapena ngati ATM imene imakhala yotsegula usiku ndi usana.

Ndi ulemu, ndabwerezanso. Ndi odi wa pa dzanja. Mukandiona ndayang'ana wotchi ndisanaimbe foni, sindikudzionetsera, ndikufunsa ngati pakhomo pa eni pali potsegula. Mukhoza kuseka mmene mungathere.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi za inu oflasha. Kuimba usiku n'kulakwa, koma mwina munthu sunadziwe. Nanga kuflasha kasanu motsatizana, 2 koloko usiku wa mwini wake, kuti iyeyo ndiye akuimbireni ndi mayunitsi ake? Akapanda kuyankha mwayamba kulemba pa gulu kuti anthu akapita kunja amaiwala kwawo, ayamba kunyada, magazi asanduka madzi. Munthu wagona maola anayi, m'mawa akukanyamula nkhalamba kuipititsa kubafa, inu mukuti akunyada. Voice note ilipo, ijambuleni, adzaimva akadzuka. Nsalu sithawa.

Enanso ndi anyamata ogulitsa mawotchi m'makhonde a sitolo m'tauni. Mphwanga atasirira yanga anakagula yake kumeneko, yonyezimira bwino, ya mkombero wofiira ndi wabuluu, mivi inayi yonse ilipo. Tafika kunyumba kuti tiitchere, tikoke kachitsulo, tipotoze uku, tipotoze uko, muvi wachinayi uli nji pa 12. Kuyang'anitsitsa, ndi womata ndi guluu. Atabwerera nayo mawa lake, mnyamatayo akuti, "Bwana, umenewo ndi wa fashoni, mumafuna uziyendanso?"