Woyembekezera sagona pakhonde

Abale ndapsa mtima, ndipo lero sindibisa mawu.

M'mawa uno cha m'ma 5 koloko ndimapita kudepoti kukalandira katundu. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni mukukudziwa, kuphatikiza kamvula kowaza kaja kosakata. Pakhonde la shopu ina kufupi ndi msika ndapeza mlonda akudzutsa mtsikana kuti achoke. Mimba yooneka, miyezi 7. Anayala katoni pasimenti, chofunda chake chitenje chimodzi chonyowa, jumbo ya zovala ndiye pilo. Mapazi otupa moti patapata sakulowa. Podzuka wagwira kaye khoma, kenako chiuno, kupuma kuli wefuwefu. Mlonda akuti, "Pepani asisi, abwana akakupezani pano ine ntchito yatha." Iyeyo sindikumuda, naye akusaka ya mchere. Amene andinyansa ndi mayi ena achikulire, chitenje cha mpingo chili m'chiuno, amene podutsa anangoti, "Anazifuna yekha ameneyo, msiyeni aone."

Anazifuna yekha? Nanga mwana ali m'mimbamoyo anafuna chiyani? Walakwira ndani kuti azigona pasimenti asanabadwe n'komwe?

Munthu woyembekezera sagona panja. Kaya mimbayo ndi ya m'banja, kaya ya patchire, kaya mwini wake sakudziwika, sagona panja basi. Mukamuweruze akachira, mukamulangize mwana ali kumsana, koma usiku wa lero apeze denga.

Nkhani ya mtsikanayu ndi yomwe ija: mwamuna anathawira ku Joni, lendi yatha miyezi iwiri osalipira, landilodi anazula chitseko, azakhali anati kwawo n'kothina.

Anandionetsa buku lake la kusikelo, analikulunga bwinobwino m'pulasitiki kuti lisanyowe. Mwana wa eni akuyesetsa. Masiku ano kuchipatala amati mayi apite kusikelo maulendo 8 asanachire. Amapatsidwa Fansidar woteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi, ndi neti. Tandiuzeni, netiyo aimangirira pati? Pa chitseko cha shopu ya eni? Mapiritsiwo amwera chiyani pamene chigonereni m'mimba muli pululu? Anamwino amati konzekerani zitenje, beseni, lezala ndi pepala la pulasitiki. Munthu wopanda pogona beseni alisunga kuti? Ndipo matenda akamuyamba 2 koloko usiku, ndani amuthamangitsire ku Mapale kapena ku Central ku Luwinga, iye ngakhale ya kabaza alibe?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amayi inu muli ndi ana aakazi.

Ine ndamugulira tiyi ndi mandasi, ndamutengera kwa amayi anga ku Zolozolo. Amayi angomuona n'kunena kuti, "Lowa mwananga, pamoto apa." Sanafunse kuti mimba ndi ya ndani. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, agona pabalaza. Sizokwanira, ndikudziwa, koma si pakhonde.

Chikundiwawa n'choti malo alipo mu mzinda muno. Matchalitchi akuluakulu timamanga ndi zopereka zathu, usiku onse ali chitsekere ndi maloko. Amayi a mvano mumasonkha za maliro mwachangu, bokosi ndi nkhata zamaluwa zilipo, koma wamoyo woti abereka posachedwapa palibe womupatsa ngakhale mkeka. Kachipinda kamodzi kokha pa mpingo uliwonse, ku Chibavi, ku Chiputula, ku Mchengautuwa, kakanavuta chiyani?

Ndiye tsiku lina khanda likapezeka m'chimbudzi, ndife tomwe oyamba kutumizirana zithunzi pa WhatsApp, "atsikana a masiku ano alibe umunthu." Umunthu wake uti, poti tinamudutsa pakhonde tili ndi majuzi awiriawiri?

Ndipo inu achimwene muli ku Joni, tikukuonanitu pa Facebook ndi nsapato zatsopano. Foni mwamutsekera, koma zithunzi mukuponya tsiku ndi tsiku.