Katundu ndi wanu, inde, koma phiri la Thabwa silidziwa zimenezo

Zandikwana tsopano. Dzulo gulu lonse la alimi pa WhatsApp linali pamoto chifukwa bambo wina wa ku Ngabu anamugwira pa rodibuloko akuyendetsa lole ya matani 7 yodzaza mapira, m'thumba muli laisensi ya code B. Aliyense akuti apolisi alibe chisoni, "munthu wanyamula zokolola zake zomwe, sali pa hayala." Ndiye zitani? Matumba akakhala anu lole imapepuka?

Laisensi siyang'ana mwini matumba, abale anga. Imayang'ana kulemera kwa galimoto. Code B imathera pa makilogalamu 3,500, ndipo nambala imeneyi si ya katundu yekha ayi, ndi galimoto pamodzi ndi katundu amene inaloledwa kusenza. Imalembedwa kuti GVM pa kachitsulo kamene kamakhomedwa pafupi ndi chitseko kapena pa chasisi, ndipo mu bulubuku ilimonso. Apa ndi pamene ambiri mumagwera. Mumati "ndi ka 3 tani chabe," kuiwala kuti matani atatuwo ndi matumba 60 a makilogalamu 50 okha, pomwe galimotoyo ilinso ndi thupi lake, injini, matayala, mafuta. Mukaphatikiza, B mwaidutsa kalekale. Kuchoka pa 3,500 kufika pa 16,000 ndi C1. Kupitirira apo ndi C. Ikakhala yokoka ngolo yaikulu kumbuyo, tikukamba za EC1 kapena EC. Pamwamba pake pakhale PrDP, chilolezo chapadera cha dalaivala, ya gulu G lomwe ndi la katundu, ndi COF, chiphaso chakuti galimoto ili bwino, yoti sinathe. Code ya mlimi kulibe. Code ya "ndi zanga zomwe" kulibe.

Ndipo musaganize kuti ndi pepala chabe. Amene anazolowera pikiapu akafika potsetsereka pa Thabwa kuchokera ku Blantyre, lole ili ndi feteleza kapena simenti wobwerera naye, amaponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madiramu a mabuleki amatentha, fungo la lainingi limayamba, phazi likulowa koma galimoto siikumva. Ikakhala ya mabuleki a mphepo, kupondaponda kuja kumamaliza mphepo m'matanki msanga kuposa mmene kompuresa ikudzazira. Wophunzira C1 amadziwa kuti giya yotsika imalowetsedwa pamwamba, asanayambe kutsika, osati pakati pa kona galimoto itathamanga kale. Amadziwa kuti ekizozi buleki, ija imachepetsa liwiro kudzera mu injini, ndiyo igwire ntchito, phazi lingothandizira. Amadziwa kuti m'mawa sunyamuka singano ya mphepo isanakwere, komanso kuti madzi a m'matanki amachotsedwa pa kampopi ka pansi paja. Pokwera n'chimodzimodzi: kuchedwa kusintha giya ndi matumba 140 kumsana, injini izima, lole iyambe kubwerera chammbuyo. Nthawi imeneyo uziuza phirilo kuti mapirawa ndi ako, tione ngati likumvere.

Kumbuyo kwanuko kuli minibasi ya ku Nchalo yodzaza anthu. Kuli akabaza. Iwowo mapira anuwo akuwakhudza bwanji?

Nanga inshuwalansi? Mukachita ngozi, chinthu choyamba kufunsidwa ndi laisensi ya amene anali pa siteringi. Code ikasiyana ndi galimoto, konzekani kukanidwa. Lole yapita, zokolola za chaka chonse zamwazika m'chigwembe, kenako mugulitse ng'ombe kulipira amene mwawavulaza. Safunsa anadya phula.

Inde, sukulu yoyendetsa ndi yodula ndipo yambiri ili kutali, tikudziwa. Koma amene wakwanitsa kugula lole sangatiuze kuti C1 yamukanika. Ngati nthawi mulibe, lembani dalaivala amene ali nayo kale, mumulipire pa tiripi. Kutchipa kwake kuli pamenepo, osati kupatsa makiyi mwana wanu chifukwa amatha kuizunguza pabwalo la pakhomo.

Ndiye pali enanu mukuti njira yake n'kupeza dobadoba akugulireni pepala. Pepala logula limasintha giya? Ndipo inu amene mumakweza anyamata onyamula katundu pamwamba pa matumba, chingwe chimodzi chokha chakutha, miyendo ili lendelende kuchokera ku Bangula mpaka ku Limbe, a kwawo mumawadziwa?