Tinabwera kudzaonera zisudzo, osati kudzamvera inu bwana

Ndagona nayo masiku awiri nkhaniyi koma mtima ukukanabe kutsika, ndiye bola ndingoilemba pano. Loweruka ndinali ku mpikisano wa zisudzo wa magulu a m'madera a chigawo chakummwera, mu holo ina muno mu Blantyre. Holoyo sinditchula, okonza mwambowo sinditchulanso, akudzidziwa okha. Pa kapepala koitanira anthu analemba kuti zonse ziyamba 9 koloko m'mawa. Ine 8:30 ndinali nditalipira kale pakhomo, nditakhala pa benchi. Magulu onse anali atafika, ena atavala kale zovala za m'sewero, mnyamata wina atadzithira kale ufa kumutu kuti aoneke nkhalamba. Tinakhala. 10 koloko inakwana, 11 inakwana. Woyendetsa mwambo amangotulukira pa maikolofoni n'kumati, "Tipirire pang'ono abale, mlendo wathu wolemekezeka ali m'njira." Njira yake iti? Kuchokera ku ofesi ya mu tauni momwe muno kwatalika kuposa kuchokera ku Nsanje?

Ndikutero chifukwa gulu la ku Nsanje linafika 8 isanakwane. Ana amenewo ananyamuka tambala asanalire, anakwera lole ya matumba mpaka pa Bangula, n'kupeza minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa ku Chikwawa, kukwera zitunda za pa Thabwa zija galimoto ikulira ngati ithera pomwepo. Makilomita oposa 170, ng'oma ili pamiyendo, katundu wa sewero ali m'thumba la feteleza. Iwowo anasunga nthawi. Munthu wa galimoto yozizira m'kati, dalaivala ali naye, analephera.

Bwana anafika 12:40, magalimoto atatu mondondozana. Tonse tinauzidwa kuti tiimirire. Ine ndinaimirira, sindinama, koma mano ndinali nditaluma. Kupepesa kwake kunali mawu awiri okha, kenako zolankhula zinayamba. Wapampando wa okonza analankhula. Woimira amene anathandiza ndi ndalama analankhula. Wina amene mpaka lero sindikudziwa kuti anali ndani analankhulanso, ndipo aliyense amayamba n'kutchula maudindo a onse okhala kutsogolo, mmodzimmodzi, ngati ife tinabwera kudzaloweza mayina awo. Bwana mwiniwake anatenga mphindi 40. Anatiuza kuti zisudzo n'zofunika pa chitukuko, kuti achinyamata ndi atsogoleri a mawa, kuti luso lisamanyozedwe. Nthawi yonseyo luso lenilenilo linali litakhala pansi pa simenti kuseri kwa katani, lili ndi njala, ufa wa kumutu kwa mnyamata uja utasungunuka ndi thukuta n'kutsikira m'khosi ngati phala.

Ndiye mumve izi. Sewero loyamba litangotha, bwana ananyamuka. Akuti ali ndi ntchito ina yofunika. Mzere wonse wa mipando yakutsogolo unanyamuka naye limodzi, mabotolo a madzi atangomwedwa theka. Munthu amene tinamudikira pafupifupi maola anayi anaonera sewero limodzi lokha basi.

Apa m'pamene woyendetsa mwambo anabwera ndi uthenga wakuti popeza nthawi yatha ndipo holo ikufunika 5 koloko chifukwa kuli phwando la ukwati, gulu lililonse lichite mphindi 10 m'malo mwa 30. Nthawi yatha? Anaitha ndani? Anaitha ndi ana a ku Phalombe? Anaitha ndi amayi a ku Mwanza amene anasiya makasu kuti abwere? Nthawi anadya ndi ena, koma chilango chinagwera amene sanalakwe.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anadza nakodi, koma kalumo kake kanameta masewero a ana.

Gulu la ku Nsanje linali lomaliza. Sewero lawo linali la madzi osefukira, nkhani imene iwo sanachite kuiwerenga m'nyuzipepala. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023 anali komweko, anaona ndi maso. M'seweromo munali mayi wamasiye amene akukana kusamukira kumtunda chifukwa manda a mwamuna wake ali kufupi ndi mtsinje, ndipo mwana wake wamwamuna akumukakamiza kuti achoke madzi asanabwerenso. Analibe chilichonse chodula. Chitenje cha buluu chimene atsikana awiri amachigwedeza ndiye anali madzi. Mpando wopidigula ndiye anali manda. Koma holo yonse inati zii, ngakhale ana ogulitsa zigege pakhomo anasiya kuitana malonda. Mtsikana wochita za mayiyo, sindikhulupirira kuti wakwanitsa zaka 18, anagwada pa manda paja n'kuyamba nyimbo ya Chisena motsitsa mawu, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono kumbuyo. Ine tsitsi linachita nyaunyau. Pomwepo belu linalira. Ngwee! Mphindi 10 zakwana. Mtsikanayo anapitiriza kuimba, mwina sanamve, mwina anamva koma anakana. Munthu wina anapita n'kukazimitsa maikolofoni, woyendetsa mwambo n'kulowa pa siteji akuwomba m'manja yekha kuti "tiwathokoze anzathu a ku Nsanje." Mwanayo anadzuka misozi ili mbwembwembwe, ndipo sinalinso misozi ya m'sewero.

Mpaka lero sindikudziwa ngati mayi uja anasamuka kapena madzi anamutenga. Ndinalipira pakhomo kuti ndione zimenezo. Zolankhula za bwana ndinazimva zonse mpaka kumapeto, palibe anamuimbira belu.

Funso langa ndi limenelo. Belu lija linali kuti pamene bwana amalankhula mphindi 40? Amene anazimitsa maikolofoni ya mwana uja, bwanji dzanja lake silinafike pa maikolofoni ya akuluakulu? Mpikisano wa zisudzo ndi wa ochita zisudzo. Eni mwambo ndi iwowo. Wina aliyense, kaya wavala suti ya mtengo wanji, ndi woonerera ngati ine. Mukachotsa bwana, mpikisano uchitika bwinobwino, mwinanso kuposa. Mukachotsa ana aja mutsala ndi holo, mipando ndi anthu olankhulana okhaokha.

Panja ndinakumana ndi mayi amene amatsogolera gululo, akupinda chitenje cha buluu chija. Ndinati, "Pepani mayi, zatikhudza tonse." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, ifetu tinagulitsa nkhuku kuti tipeze thiransipoti. Miyezi iwiri takhala tikukonzekera pansi pa mtengo madzulo aliwonse tikaweruka kumunda. Kumudzi akatifunsa kuti zinayenda bwanji, tikanena kuti chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinangowagulira ana aja mandasi ndi ndalama imene ndinatsala nayo, manyazi atandigwira ngati wolakwa ndine.

Anthu awa salipidwa. Palibe amene amadya za zisudzo pakati pawo. Ndi alimi, ana a sukulu, a kabaza, amayi ogulitsa tomato. Chimene amapempha n'chimodzi chokha, kuti muwapatse siteji ndi nthawi yawo yonse, aonetse chimene anakonza kuyambira poyamba mpaka pothera. Sewero si nsalu yoti mungodula pamene ndalama zanu zathera. Wolemba anaika chiyambi, anaika pakati, anaika mathero, ndipo mukadula mathero mwapha zonse, ngakhale zimene zinaoneka kale zija.

Ndikudziwa, okonza amaopa kukhumudwitsa amene amawapatsa ndalama. Chabwino. Koma mantha anuwo asamalipiridwe ndi mwana wa ku Nsanje.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti dziko lino zisudzo timazidziwa. Mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, unayamba kalekale, mu 1969, ndipo ambiri amene timawatchula lero anadutsira pa siteji zonga imeneyi ali ana osadziwika. Du Chisiza Jr. anayambira ku sukulu, n'kudzakhazikitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, n'kudzakhalanso nduna ya boma. Gertrude Kamkwatira anatulukira mu Wakhumbata momwemo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, anatiseketsa m'Chichewa chathu chomwechi mpaka nthiti kuwawa, ndipo a Kwathu amadzaza maholo anthu mpaka kuima m'mawindo. Michael Usi, amene tonse tinamudziwa ngati Manganya, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Akamwalira anthu otere timadziwa kulira, timadziwa kuyala nkhata, timadziwa kulankhula kumanda kuti dziko lataya chuma. Koma Gertrude wa mawa atagwada pa siteji pamaso pathu, tikumuzimitsira maikolofoni kuti tikonze mipando ya ukwati.

Ndiye a bwana, ngati mukuwerenga, kapena ngati wina wa mu ofesi mwanu akuwerengerani, imvani. Mukaitanidwa ku zisudzo, bwerani nthawi yake. Mwachedwa, lowani mwakachetechete, khalani kumbuyo, sewero lipitirire. Mukufuna kulankhula, dikirani kumapeto, mulankhule mphindi zisanu za zimene mwaona ndi maso anu. Simungathe kukhala tsiku lonse, kanani kuitanidwako, palibe amene adzakumangeni. Ndipo inu okonza, 9 koloko ikakwana yambani. Mpando wa mlendo ukhale wopanda munthu, sudzalira. Ife tinabwerera ana aja, si inu.

Oweruza nawonso ndili nawo mawu. Munapereka bwanji mamalikisi pa sewero limene simunalione kutha? Gulu loyamba linachita mphindi 30 zonse pamaso pa bwana, ena onse 10, ndiye n'kumati mwapikisanitsa mwachilungamo? Chikho chinapita kwa gulu loyamba lomwelo. Sindikuti ana amenewo sanachite bwino, anachita bwino ndithu, koma ngakhale iwo polandira amaoneka kuti akudziwa. A ku Nsanje anapatsidwa satifiketi ya pepala, dzina la gulu lawo litalembedwa molakwika ndi bolopeni.

Ndipo poti ndayamba kale, inu amayi munakhala kutsogolo kwanga mutavala duku lofiira, amene foni yanu inalira katatu sewero lili m'kati, n'kuyankha katatu konse mokweza kuti "ndili ku drama, lankhulani ndikumva," mpaka kukambirana mtengo wa matumba a chimanga mwana akulira pa siteji. Anthu akukuyang'anani inu osachita n'komwe manyazi. Foni iliyonse ili ndi kabatani kotsitsira mawu, ngakhale ya mabatani ya kale ija.