Musamangoti limbani mtima aphunzitsi

Abale anga a ku Chipata, aliyense ndikamuimbira foni kuti ndimuuzeko zanga yankho ndi limodzi, limbani mtima aphunzitsi muli ku Johannesburg mukudya marandi. Mtimawo ndiulimbitse ndi chani kodi?

Ine nditamaliza koleji boma silinatilembe ntchito, ndinakaphunzitsa zaka 5 pa sukulu ina ya kumudzi uko kwa Chadiza, makolo ndi amene ankasonkha kangachepe kotilipira. Ana odzaza mpaka pakhomo ena kukhalira njerwa, choko kuchita kugawana, nyumba yodontha, mvula ikagwa msewu kutheratu. Koma sindinagwe ulesi olo tsiku limodzi. Mwana wanga atadwala malungo a hedi anangoti thamangani kuchipatala kalasi tiona ife, madzulo ake amayi ena anabwera ndi nkhuku kudzazonda. Tikaweruka timakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzanga kulembera limodzi maphunziro a mawa, wina zikamuvuta timamunyamula, nthawi yokolola pakhomo nsawa ndi maungu osasowa.

Kuno zonse ndinatsata, mapepala anga anayesedwa ku SAQA, bungwe loyesa mapepala a maphunziro kuno ku South Africa, ndinalembetsa ku SACE, bungwe lolembetsa aphunzitsi, ndikuphunzitsa pa sukulu ya pulayiveti yokhala ndi magetsi ndi makompyuta, ana ochepa. Koma mmawa uliwonse ndikafika pageti mmimba mumatentha. Kontrakiti ndi ya chaka chimodzi, mwini sukulu akudziwa kuti mlendo sangayankhe chifukwa choopa kutaya pemiti yogwirira ntchito, ndiye makalasi owonjezera onse ndi anga, Loweruka ndine, ukadwala akudula malipiro. Kholo lina linanditchula mkwerekwere pamaso pa ana, a hedi ali pomwepo anangoyang'ana kumbali. Ndinakalira kuchimbudzi ine munthu wamkulu, kenako kupukuta maso kubwerera pa bolodi. Munthu ndi yemweyo, amene sanagwe ndi njala ya kumudzi, kuno akugwa chifukwa palibe wokufunsa kuti mwadzuka bwanji.

Chomwe chandigwira mpaka lero ndi pemphero ndi ana anga awiri amene ali ndi agogo awo ku Kapata.

Mu 2022 boma la Zambia litalemba aphunzitsi opitirira 30,000 ine ndinali nditawoloka kale, anzanga a pansi pa mango aja analowa, lero ali ndi penshoni yoyembekezera ndipo Febuluwale akafika amapita ku Mtenguleni kukaona Nc'wala. Ine kontrakiti ikutha Disembala ndipo mpaka pano palibe wandiuza ngati Januwale ndibwerenso.