Madziwo amachokera kumsewu

Mwalemba kuti khonsolo imasamala ngalande za m'mbali mwa msewu zokha, zamkati mwa poloti ndi za mwini malo. Chabwino. Nanga ngati madziwo akuchokera kumsewu komweko? Kalavati ya kumtunda kwathu inatsekeka ndi mchenga ndi majumbo, omwe aja boma linaletsa mu 2015, ndiye mvula ikangogwa madzi onse amakhotera kwa ine. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 chimbudzi chinatitimira, mpanda n'kugwa. Ku ofesi ndapitako kawiri, akuti ndikumbe ndekha ngalande. Ndikumbe yolowera kuti, m'khitchini mwa aneba akumunsi? Chonsecho msonkho wa malo ndimalipira osaphonya. Angobwera adzafukule kalavatiyo basi, simenti ya mpanda ndigula ndekha.