Gráinne si Grace ayi

Tsiku loyamba kuona dzina lakuti Siobhán pa mndandanda wa kuntchito kuno ku Dublin, ndinaitana mokweza kuti "Siyobani!" Anthu anaseka mpaka misozi. Mwini wake anandiwongolera mwaulemu kuti amati "Shivoni". Manyazi amenewo ndi amene anandiyambitsa kufunsafunsa za mayina a akazi a kuno.

Chinandidabwitsa n'chakuti dzina limeneli, looneka la Chiairishi chenicheni, ndi lobwera. Linafika ndi a Norman, ankhondo olankhula Chifalansa amene analowa m'dziko la Ireland kuyambira 1169, kuchokera ku dzina la Chifalansa lakuti Jehanne, lachikazi la Jehan, Yohane uja. Seán ndi mlongo wake wa Siobhán tingatero, muzu ndi umodzi. Caitlín naye anachokera kwa Cateline. Eni dziko anatenga mayina achilendowa n'kuwapinda mpaka anakhala bwino pa lilime lawo. Akafuna lachikazi kapena lachikondi amangowonjezera -ín kumapeto: Pádraig n'kukhala Pádraigín, Máire n'kukhala Máirín. Ndipo ulemu wake taonani, dzina lakuti Muire analisiyira Mariya amake Yesu yekha, mwana wamkazi wamba amatchedwa Máire.

Kubwereka kotere ine ndilibe nako vuto. Chimene chimandiwawa ndi zimene zinachitika Chingerezi chitakula mphamvu, pamene mayina a eni nthaka ankasinthidwa ndi dzina lililonse lomveka mofananako, tanthauzo osalilabadira. Gráinne Ní Mháille, mayi wa m'chigawo cha Mayo amene ankalamulira zombo ndipo anakaonana maso ndi maso ndi Mfumukazi Elizabeth I ku Greenwich mu 1593, mabuku ambiri amangomuti Grace O'Malley. Grace wachokera kuti? Palibe ubale, kungoti onse akuyamba ndi "gr". Ngakhale kachidutswa ka Ní, kosonyeza kuti ndi mwana wamkazi wa banja la Ó Máille, kanatayika. Kwa ife ozolowera Nabanda ndi Naphiri, tangoganizani munthu akufufuta "Na" uja chifukwa choti akumuvuta kulemba.

Bríd ndiye anazunzika kwambiri. Ndi dzina lakalekale la mulungu wamkazi, lotanthauza wokwezeka, lomwenso ndi la Brigid woyera wa ku Kildare. Koma m'zaka za m'ma 1800, atsikana a ku Ireland ogwira ntchito zapakhomo ku America ankangotchedwa "Bridget" kapena "Biddy" monyoza, ngati kuti onse ndi munthu mmodzi. Kuyambira 2023, dziko lonse la Ireland limapuma tsiku limodzi kumayambiriro kwa February polemekeza Brigid yemweyo.

Ndiye ena akamadandaula kuti makolo a kuno akupatsa ana mayina ovuta kuwerenga monga Saoirse, lotanthauza ufulu, ine sindiwamvera chisoni. Lilime limaphunzira. Langa lakwanitsa Siobhán ndi Niamh, ngakhale Sadhbh ndimayambabe ndaima kaye ndisanatchule kuti "Saivi".